Madzi asaundane m'mapaipi a kalavani: mmene ndimachitira nthawi yachisanu

Kuno ku Dedza timadzitama kuti chisanu timachidziwa, ndipo sitinama. Boma lathu lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lili pamwamba pathuli limapitirira mamita 2,000, ndipo amene anagonapo ku Bembeke mwezi wa Juni akudziwa kuti bulangete limodzi silithandiza. Koma chisanu chathuchi kawirikawiri chimalekera panjira. Chimawaula masamba a mbatatesi kudambo, chimang'amba ana milomo ndi zidendene, koma m'mawa ukatsegula mpopi wapabwalo madzi amatuluka. N'chifukwa chake mnyamata wa kuno akapatsidwa ntchito yokoka kalavani, kanyumba ka pamatayala kokokedwa ndi galimoto, kupita ku Nyika, kapena kutulukira pachipata cha Dedza kudzera ku Tete mpaka kumapiri a Lesotho, amalongedza majuzi, zipewa ndi masokosi, za mapaipi osaziganizira n'komwe.

Ine ndine pulambala. Ndinayambira m'nyumba za anthu, kenako ndinalowa zokonza makalavani a alendo odzaona malo ndi a anthu omanga misewu, ndipo nthawi zina ndimakwera nawo ulendo wonse kuti chikawonongeka ndikonze. Ndikulembera inu achimwene amene mumayendetsa kapena kusamalira makalavaniwa, makamaka mukamalowera kumene madzi amaundanadi: ku Chelinda pa Nyika usiku wa Juni ndi Julayi, ku Free State, ku Drakensberg ndi ku Sutherland m'dziko la South Africa, ndi ku Lesotho kumene kumagwa chipale chofewa.

Madzi amaundana kuzizira kukafika pa madigiri 0. Zinthu zambiri zikazizira zimachepa, koma madzi akaundana amafufuma: malita 10 amafuna malo a malita pafupifupi 11. Munaonapo botolo lagalasi limene mwini golosale anaiwala mufiriza usiku wonse, m'mawa n'kulipeza litang'ambika pakati. M'paipi zimachitika chimodzimodzi, kungoti pali china chimene ambiri sachidziwa. Sikuti nthawi zonse paipi imaphulika pamene pali ayezi pomwepo. Ayezi amayamba watseka njira, kenako akamakula amakankha madzi otsala kulowera kumpopi wotseka. Madziwo akasowa kothawira amaboola pamene pali pofooka, mwina kutali ndi pamene panaundana. Ndi chifukwa chimenechi ndimalimbikira zothimitsa pampu ndi kusiya mipopi yotsegula usiku.

Kalavani siili ngati nyumba ya njerwa imene mapaipi ake amayenda m'nthaka. Makoma ake ndi opyapyala, pansi pake pali m'malere mphepo ikudutsa, ndipo mapaipi ake ndi ang'onoang'ono, a mamilimita 12 kapena 15, okhala ndi timadzi tochepa tosachedwa kugwira. Makalavani ambiri a masiku ano ali ndi mapaipi apulasitiki, a buluu a madzi ozizira ndi ofiira a madzi otentha, ndipo amenewa amatha kutamuka pang'ono osang'ambika. Zimene ndimasintha kawirikawiri si paipi yeniyeniyo ayi. Ndi timajointi tapulasitiki, kakapu koonekera mkati kosefera madzi kamene kamakhala pakhomo pa pampu, mutu wa pampu, valuvu ya kuseri kwa chimbudzi, mpopi wa shawa yapanja, ndi giza yotenthetsera madzi. Giza ndiyo imaliza mwini wake, chifukwa ikang'ambika mkati palibe zomata, n'kugula ina basi.

Musanachoke pakhomo, yalani katoni pansi, tengani tochi, mugone chagada kunsi kwa kalavaniyo. Yambirani pamene mumathirira madzi, mutsate paipi ndi dzanja mpaka pathanki, kuchoka pathanki kukafika papampu, kenako nthambi iliyonse mpaka pampopi wake. Mudzapeza malo amene paipi imatuluka m'pulanka ya pansi n'kuyenda poyera mkono umodzi kapena iwiri isanabwererenso mkati. Ena amakhala kuseri kwa tayala, fumbi la msewu litawaphimba moti diso silingawaone, koma dzanja limawapeza. Amenewa ndiwo oyamba kuundana. Pezaninso timavaluvu tokhuthulira madzi: ka pathanki, ka pagiza, ndi tina ta pamalo otsikitsitsa a mapaipi. Ine ndimatipaka penti yofiira, poti kutifunafuna mumdima zala zitauma ndi chisanu ndi ntchito yowawa. Yesani kutitsegula ndi kutitseka mudakali kwanu, chifukwa tina timakhala titamatidwa ndi matope ouma.

Paliponse pamene paipi ili poyera pakulungidwe. Chabwino kwambiri ndi siponji yakuda yobooka pakati imene okonza mafuliji ndi makina oziziritsira m'nyumba amakutira mapaipi awo; ku Lilongwe imapezeka m'mashopu a zipangizo zimenezi. Ing'ambeni mulitali, muiveke paipi, mumange ndi malegeni kapena tepi, osasiya mpata pamakona ndi pamajointi, chifukwa chisanu chimalowera pamene mwasiya kampata ka chala chimodzi. Ngati siponji mulibe, ng'ambani bulangete lakale mizeremizere, mukulunge, pamwamba pake n'kukulunganso chubu chodula cha tayala kuti lisanyowe. Nsanza yonyowa ndi yoipa kuposa paipi yosavala kanthu. Koma ndinene mosabisa: chokulunga sichipanga kutentha, chimangochedwetsa kuzizira. Usiku umene kumatsika pansi pa ziro kwa maola ochepa chimakuwolotsani. Kumene kumazizira usiku ndi usana womwe, pachokha sichikwanira.

Mukafika pamsasa musathamangire malo okongola a m'mbali mwa mtsinje kapena damu. Alimi a mbatatesi a ku Tsangano ndi ku Bembeke amadziwa kuti chisanu chimawaula munda wa kudambo n'kusiya wa pachitunda. Mpweya wozizira ndi wolemera, usiku umatsetsereka n'kukakhazikika m'chigwa. Imikani kalavani pamalo okwererako, pafupi ndi mitengo kapena khoma lotchinga mphepo, ndipo mbali imene kuli thanki ndi mapaipi iyang'ane kum'mawa kapena kumpoto, poti m'mayiko athu ano nyengo yozizira dzuwa limayenda chakumpoto. Muziyang'ananso kumwamba. Usiku wa mitambo ndi kamvula ka chiperoni umapweteka m'thupi, koma si umene umaundanitsa madzi kwenikweni. Woopsa ndi uja nyenyezi zili ngwee, mphepo ili zii, chifukwa nthaka imataya kutentha kwake popanda chotchinga, ndipo pachimake pamafika m'bandakucha, dzuwa lili pafupi kutuluka. Foni ikanena kuti usiku kufika madigiri 3, ine ndimawerengera ziro, chifukwa nambalayo kawirikawiri ndi ya tauni yapafupi, osati ya kunsi kwa kalavani yanu. Kumbukiraninso kuti mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo Chelinda ili pamtunda wopitirira mamita 2,000. Kachipangizo kotsika mtengo koyezera kutentha, mutakakoloweka kunsi pafupi ndi thanki, kamakuuzani zoona kuposa foni.

Ntchito yeniyeni ndi yamadzulo, ndipo ichitike dzuwa lisanalowe, anthu asanakhale pamoto. Dzazani thanki n'kusiya kampata pamwamba, pakuti madzi ambiri amatenga nthawi yaitali kuti aundane kusiyana ndi timadzi totsalira pansi pa thanki. Mukatero chotsani hosipaipi pampopi wa pamsasa. Hosipaipi yogona pa udzu ndiyo imayamba kugwira, ndipo ayezi wake amakwera mpaka polowera madzi m'kalavani. Ikwezeni mbali imodzi mukuyenda nayo kuti madzi onse atsike, muikulunge, ilowe mkati. Tungani chigubu cha malita 20 ndi ketulo yodzaza, zigone mkati. Tiyi wam'mawa ndi madzi osukusula achokere mmenemo. Anthu akatha kusamba ndi kutsuka mbale, thimitsani pampu, mutsegule mipopi yonse ndi shawa yomwe, mutu wa shawayo muugwetsere pansi kuti paipi yake ikhe, kenako mutsegule timavaluvu tofiira tija ta pamapaipi. Pa giza sankhani chimodzi. Ngati muli ndi magetsi kapena gasi woisunga yotentha usiku wonse, isiyeni yoyaka ndipo mbali ya madzi otentha musaikhuthule. Ngati mulibe, ithimitseni, izizire, muikhuthule. Giza yoyaka yopanda madzi imapsa chitsulo chake chotenthetsera nthawi yomweyo.

Zitseko za makabati a pansi pa sinki, ndi chivundikiro cha pansi pa bedi kapena pampando pamene pamakhala pampu, zisiyeni zotsegula kuti kutentha kwa mkati kufikeko. Alendo ena amadandaula kuti m'nyumba mukuoneka mosalongosoka, ine ndimangoti, "Pepani bwana, zitsekedwa mawa dzuwa likatuluka."

Madzi otsukira mbale ndi osamba musawagonetse m'thanki ya madzi oipa, chifukwa valuvu yake ikaundana simuitsegula mpaka masana. Isiyeni yotsegula, muike ndowa yotambalala kukamwa pansi pake. Akaundana m'ndowamo mumangoitembenuza, chibuluma n'kugwa chokha. Katayeni pamalo amene eni msasa anakonza, makamaka m'malo osungira nyama ngati Nyika. Kathanki kosolola ka chimbudzi kakhuthuleni kukadali masana, madzi ogejemulira muwachotse, usiku anthu azithira ndi botolo. Mphepo ya kunsi itchingeni ndi lona, makatoni kapena mapulanka kuzungulira, mutatsindira ndi miyala. Udzu wouma ndi mapesi ayi: zimaitana makoswe odya mawaya, komanso kamoto kakang'ono kakagwerapo basi zonse zapita. Ndipo musatseke potulukira utsi wa giza, wa hita kapena wa fuliji ya gasi.

Ena amalangiza kuti mpopi uzidontha usiku wonse poti madzi oyenda amachedwa kuundana. M'nyumba ya madzi a m'tauni zimathandiza. M'kalavani ine sindivomereza. Thanki imatha, pampu imadzuka usiku wonse n'kumaliza batire, ndipo timadontho timeneto timakaundana m'paipi yotayira madzi kunsi, sinki n'kusefukira anthu ali mtulo.

Tsopano za kutenthetsa mkati, pamene ndikufuna mundimvetsetse bwino. Ngati pamsasa pali magetsi, hita yaing'ono yamagetsi, makamaka ija yamafuta mkati yosaonetsa moto, yoikidwa kutali ndi makatani ndi zofunda, imasunga mapaipi a mkati bwinobwino. Palinso waya wotenthetsa amene amamangidwa motsata paipi pansi pa siponji. Gulani wodziyatsa ndi kudzithimitsa yekha, wa magetsi a 230 volts ngati athu, ndipo musamupingase pamwamba pa iye mwini, chifukwa popingasa pamatentha mopitirira. Ngati magetsi palibe, gwiritsani ntchito hita ya gasi kapena ya dizilo imene inamangidwira m'kalavanimo, yotulutsa utsi wake panja.

Mbaula isalowe m'kalavani. Tonse kuno tinamvapo za anthu amene analowetsa mbaula m'nyumba usiku wa Juni, n'kutseka zitseko ndi mawindo, m'mawa osadzuka. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, wopanda fungo, wopanda mtundu, ndipo amautulutsabe ngakhale utsi utatha makala ali psuu. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, ndipo amene ali kale mtulo samva kanthu. Kalavani ndi yaing'ono kuposa chipinda cha nyumba, komanso yotsekeka kwambiri. Kuyatsa mbaula ya gasi yophikira kuti itenthetse m'nyumba usiku n'koopsa chimodzimodzi. Ndaonapo anyamata akukankhira mbaula kunsi kwa kalavani kuti ifunditse thanki. Ndimawaletsa mwamphamvu, chifukwa pansi pake ndi pa mapulanka, mapaipi a gasi amadutsa pomwepo, ndipo mpweya woipa uja umakwera kulowa mkati kudzera m'mipata. Gulani kachipangizo kolira kakamva carbon monoxide, muziyesa mabatire ake musananyamuke, ndipo timawindo tolowetsa mpweya timene opanga kalavani anasiya musatitseke ndi nsanza ngakhale kuzizire bwanji. Wina akadandaula mutu usiku hita ikuyaka, thimitsani, tsegulani chitseko, onse atuluke. Ngati wafooka kapena sakuyankha bwino, thamangirani naye kuchipatala.

Gasi nayenso amamva chisanu. Wa m'masilinda amakhala wa mitundu iwiri, butane ndi propane, nthawi zambiri yosakaniza. Butane amaleka kutuluka bwino kuzizira kukayandikira ziro, pamene propane amagwirabe ntchito mpaka madigiri 40 pansi pa ziro. Mukaona moto wa buluu ukufooka m'bandakucha silinda ili yolemera, vuto ndi limenelo. Pitani ndi masilinda odzaza, ndipo silinda musaiwothetse moto. Batire nalo limachepa mphamvu kukazizira, pamene hita ya gasi kapena ya dizilo imadalira batire lomwelo kuti fani yake izungulire, choncho ligone litadzaza. La lithium lisatchajidwe kukazizira pansi pa ziro, limawonongeka.

Mukamaisiya kalavani kumalo ozizira kwa masiku, kapena mukaona kuti ngakhale masana madzi a m'ndowa sakusungunuka, lekani zonyengerera, ikhuthuleni yonse muzikhalira chigubu. Paipi yopanda madzi siingaphulike. Thimitsani giza kumagetsi ndi kugasi, idikireni izizire, mutsegule valuvu yake. Tsegulani thanki ndi timavaluvu tonse. Mipopi yosakaniza madzi otentha ndi ozizira muiike chogwirira pakati kuti mbali zonse zipume. Thanki ikatha, yatsani pampu kwa kanthawi kochepa kuti ilavule otsalira, kenako mumasule kakapu kosefera kaja n'kukataya madzi. Sefa ya madzi akumwa ichotseni igone mkati. Kwezani ndi kutsitsa kutsogolo kwa kalavani ndi katayala kake kakang'ono kakutsogoloko kuti madzi obisala m'makona atsike. Pomaliza uzirani mpweya polowera madzi pogwiritsa ntchito kompuresa yopopera matayala, osapitirira 2 bar, imene ndi pafupifupi 30 psi, mpopi umodzi uli wotsegula nthawi zonse. Yambirani wapafupi kumalizira wakutali. Poyamba umalavula madzi, kenako thovu, kenako mpweya wokhawokha. Mukamva mluzu wouma pitani pa wina. Musaiwale chimbudzi ndi shawa yapanja. Pampu yanjinga imathanso, ingofunika mnzanu woima pampopi ndi kuleza mtima.

Pansi pa sinki ndi pashawa pamatsala madzi m'kapaipi kopindika kotchinga fungo. Kumayiko ozizira amathiramo mankhwala oletsa madzi kuundana, antifreeze ya makalavani, yopangidwa ndi propylene glycol, kawirikawiri yapinki. Ine kuno sindiiona m'mashopu, choncho ndimangomasula kapaipiko n'kukataya madzi. Chimene musachite ndi kutenga antifreeze ya mu radiator ya galimoto n'kuthira m'mapaipi a madzi. Yambiri ili ndi ethylene glycol, poizoni wotsekemera amene amawononga impso ndi kupha, ndipo galu kapena mwana akaipeza itatayika amanyambita. Mtundu usakunamizeni, poti ya galimoto nayonso ilipo yapinki ndi yofiira. Werengani zolembedwa pabotolo. Ngakhale ya makalavani yeniyeniyo, mapaipi atsukidwe ndi madzi ambiri musanamwemo.

Ngati mukunyamuka m'mamawa kukwera mapiri, yendani mapaipi ali opanda madzi. Mphepo ya pamsewu imalanda kutentha mofulumira, ndipo m'kalavani yokokedwa mulibe munthu kapena hita.

Zikachitika kuti m'mawa mwatsegula mpopi n'kupeza kuli zii, musayatse pampu kuti ikankhe. Pampu yomenyana ndi ayezi imapsa kapena kung'amba mphira zake. Siyani mpopi wotsegula, mutsate paipi ndi dzanja mpaka mupeze pamene pauma gwa, nthawi zina pooneka poyererako. Yambani kufunditsa kuchokera mbali ya kumpopi kubwerera m'mbuyo, kuti madzi osungunuka azipeza potulukira. Thaulo lonyika m'madzi ofunda, botolo la madzi ofunda logonekedwa papaipi, kapena makina oumitsira tsitsi ngati magetsi alipo, zonsezi zimagwira ntchito. Kandulo, nyali ya gasi kapena chikuni ayi, ndipo madzi owira musathire papulasitiki yozizira. Kawirikawiri dzuwa la naini kapena teni koloko limamaliza lokha, bola tiyi mwamwa wa m'chigubu chija.

Madzi akayamba kuyenda musafulumire kunyamuka. Tsekani timavaluvu tofiira, muyatse pampu, mutsegule mpopi uliwonse mpaka uleke kutsokomola mpweya, giza idzaze musanaiyatse, kenako mutseke mipopi yonse n'kukhala chete kumvetsera. Pampu yabwinobwino imalira pang'ono n'kusiya. Ikamadzuka yokha pakapita mphindi zingapo mipopi ili yotseka, penapake pang'ambika. Yalani nyuzipepala youma pansi pa jointi iliyonse, m'kabati ndi kuseri kwa chimbudzi, mubwerenso pakapita kanthawi. Dontho limodzi limaoneka panyuzipepala ngakhale pamene chala sichimva. Mng'alu wa chisanu umakhala wopyapyala, ndipo ukausiya umadontha mwakachetechete mpaka pulanka ya pansi itawola. M'bokosi la zida muzikhala majointi angapo owongoka ndi apakona a saizi ya mapaipi anu, chidutswa cha paipi cha mita imodzi, timakilampu, tepi yoyera ya pamazinga, mpeni wakuthwa wodulira mowongoka, ndi kakapu kosefera kapadera. Ku Chelinda kapena kumapiri a Lesotho shopu ya zimenezi ili kutali, ndipo jointi yong'ambika imasinthidwa mosavuta ngati ina muli nayo m'manja.